Kamamatila ka ba Mwelwa

Ndiyambe ndi kudzitama, poti ndikadikira ena ndidzafa osatamidwa: chibadwire changa palibe munthu amene anandidyerapo masuku pamutu pa malonda. Ndinagulitsapo maambulera mu Okutobala kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, ndinagulapo nkhuku pa mtengo wa dzira mwini wake n'kundithokoza. Luso limeneli ndinaliphunzira pa mzere wa sopo ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mpaka lero ndikamva fungo la sopo wobiriwira uja, wamtali, wochapira, ndimapezeka ndabwerera ku Chilenje, kwathu mu Lusaka, m'mawa wa Juni, milomo itang'ambika ndi chisanu, manja ndili nawo m'khwapa.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi saladi, ndiye kuti mafuta ophikira, zinkafika m'sitolo ngati alendo a ulemu: osalengeza, ndiponso osakhalitsa. Munthu ukaona mzere unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa wa kutsogolo kwako kuti akugulitsa chiyani. Bambo anali kalaliki ku ofesi ya boma, amayi anali ndi mwana wakhanda, choncho woima pa mizere pakhomo pathu ndinali ine. Sindinkadandaula. Pa mzere ndi pamene ndinkalota bwino, ndipo loto langa linali limodzi: nsapato za mpira zakuda, za minga kunsi kwake, zimene zinkakhala pawindo la sitolo ina mu Cairo Road. Ndinali nditaziyendera kambirimbiri moti mpweya wanga unkadziwika pagalasi lija.

Loweruka lina sopo anafika ku sitolo ya boma ya ku Woodlands. Ndinalowa pa mzere kawiri, kachiwiriko nditavala chipewa cha mnzanga ndi kutsimphina pang'ono. Sopo woyamba anali wa amayi. Wachiwiri anali wanga, ndipo anali womaliza m'sitolo monse. Wondipatsayo atangotseka kawindo, ndinamva munthu akuusa moyo kumbuyo kwanga. Anali mdala wamtali, woonda, wovala ovolosi yofwifwa m'maondo, zikhadabo zake zakuda ndi dothi.

"Shani, mwaiche," anatero, mmene amalonjerera mwana m'Chibemba. "Nipaseko hafu."

"Muzanipasa chani, ba shikulu?" ndinafunsa, kuwatchula agogo m'Chibemba chomwecho.

Anatchula malalanje. Ndinaseka. Anatchula mandimu ndi mapapaya, ine n'kuyamba kuyenda ngati ndikupita, monga amachitira aliyense wodziwa ntchito yake. Pamenepo anati ndimutsatire ndikasankhe ndekha. Dzina lake linali ba Mwelwa, kwawo ku Luapula, ndipo ankasamalira dimba la nyumba ina ku Kabulonga.

Kabulonga ndinali ndisanalowemo chilowere. Misewu yake inali chete moti ndinkamva mapazi anga. Mitengo inkakumana pamwamba, agalu ankauwa kutali kuseri kwa mipanda ya maluwa. Nyumba ya ba Mwelwa inalibe anthu. Azungu ake anali atabwerera kwawo, boma linali litaitenga, ndipo mwini watsopano anali asanadziwike. Mdalayo ankakhala yekha m'kanyumba ka antchito kuseri, akuthirira kapinga amene palibe ankamuponda. Anandionetsa mitengo ya zipatso, ine n'kumangopukusa mutu. Kenako anatulutsa kiyi pa chingwe cha m'khosi, natsegula khomo la kukhitchini, n'kunditsogolera m'zipinda zopanda mipando mpaka ku bafa.

Mmenemo munali nkhalango. Windo linali la galasi losaonetsa kunja, ndipo kuwala kunkalowa kofewa ngati mkaka wothira madzi. Khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga, linali litakutidwa ndi masamba. Sanali kulendewera ngati a chibwabwa, masamba a maungu aja, kapena a mpiru. Tsamba lililonse linali litamatirira kukhoma, lathyathyathya, lina pamwamba pa linzake ngati mamba a nsomba. Anali obiriwira moderako, ofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi, ndipo mitsempha yake inali yoyera ngati siliva. Munkanunkhira dothi lonyowa, pakati pa Juni, mumzinda wa fumbi.

Dzina lenileni la kachomerako ba Mwelwa sankalidziwa. Dona wa nyumbayo, mzungu uja, anabwera nako kuchokera kutsidya kwa nyanja kali m'sokosi yonyowa, ndipo iwo ankangokatchula kuti Kamamatila. Anati madona a m'derali ankabwera kudzapempha kanthambi, wina mpaka analonjeza wailesi, koma dona ankakana kuti kasakhale ndi wina aliyense mu Lusaka. Nditamva za wailesi, mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Chinthu chokula chokha, chimene ungadule zidutswa n'kugulitsa chilichonse kwa dona wake! Nsapato zija ndinaziona zikutsika pawindo n'kuyamba kuyenda kulunjika ku Chilenje.

Tinakambirana pafupifupi ola lathunthu, titakhala m'mphepete mwa bafa. Iwo ankafuna sopo yense pa kanthambi ka masamba awiri. Ine ndinati udzu ndi udzu. Potsiriza ndinawapatsa theka lokha, iwo n'kundipatsa kanthambi ka masamba atatu, chitini cha mkaka wa ufa chodzaza dothi lawo, ndi thabwa lokulungidwa ndi saka loti kazikwerapo. Ndinawafinyanso mpaka anavomera kundipatsa botolo la madzi a mvula Loweruka lililonse, kwaulere, kuchokera mu mgolo umene ankasunga kuseri. Anati madzi a pampopi a mu Lusaka ali ndi laimu, ndikayang'ane m'ketulo ya amayi ndikaone kuyera kwake, ndipo Kamamatila kakawamwa kafa. Lamulo anandipatsa limodzi: "Usakajube mpaka mvula ikagwe." Kujuba ndiko kudula. Ndinatuluka pachipata chija ndikuseka ndekha, ndikumumvera chisoni mdala wosadziwa malonda.

Kunyumba amayi anayang'ana chitinicho, n'kuyang'ana ine.

"Gelevazio, kodi kamadyedwa?"

Ndinati ayi. Anafunsa ngati kamachita maluwa, ndinati ayinso. Bambo anatsitsa nyuzipepala, namvetsera malangizo onse a kasamalidwe kake, kenako anati, motsitsa mawu monga ankayankhulira anthu masiku amenewo: "Ndiye kali ngati akuluakulu a ku ofesi kwathu. Kukhala pamthunzi, kumwa madzi abwino, n'kumangokwera."

Ndinakapezera malo pabalaza, pakona ya pakati pa kabati ya magalasi ndi windo la katani yoluka, pamene dzuwa silinkafika lokha koma linkangotumiza uthenga. Dothi lake silinali lofiira lathu lija. Linali la masamba owola, makala osinja ndi tizidutswa ta njerwa, lopepuka, loti madzi akalowa sachedwamo. Pansi pa chitini ndinaika mbale ya timiyala ndi madzi pang'ono. Kuthirira kunali kolowetsa kaye chala m'dothi: likakhala lonyowa, usiye. Koma ntchito imene ndinkaikonda inali youzira. Ba Mwelwa anandiphunzitsa kudzaza madzi m'kamwa n'kuwapemerera pa saka ndi pa masamba mwa nkhungu, monga amachitira wosita malaya. Masiku oyamba ndinkangolavula, ndipo katani ya amayi inavutika. Pofika Julayi ndinkatulutsa kamtambo kenikeni, ndipo dzuwa la masana likadutsa pa katani, mkati mwa kamtamboko munkaoneka utawaleza waung'ono.

Ndikaweruka ku sukulu ndinkagona chafufumimba pa simenti yofiira, yozizira, yonunkhira polishi, n'kumakayang'ana. Kunja anzanga ankamenya mpira wa mapepala, mphepo ya Ogasiti ikuzunguza fumbi mumsewu, wogulitsa makala akuitana patali. Ine ndinkatsatira mitsempha ya siliva ija ndi maso mpaka inasanduka mitsinje yoonedwa kuchokera kumwamba, ina ikulowa mu inzake, ine ndikuyandama pamwamba pake m'bwato laling'ono. Tsamba latsopano linkayamba ngati kansonga ka singano, lopindidwa. Linkatenga masiku kuti lifunyuluke, kenako linkapapasa thabwa ngati dzanja la wakhungu, n'kugona pamenepo. Kuseri kwake kunkatuluka timizu toyera togwira saka. Sindinakaonepo kakuyenda, koma m'mawa uliwonse kanali patsogolo pang'ono. Ndinkadziuza kuti ndikuyang'anira katundu wanga.

Loweruka ndinkayenda wapansi, kudutsa Woodlands, botolo lopanda kanthu m'manja. Ba Mwelwa ndinkawapeza atayamba kale kuotcha chinangwa pa mbaula, mtedza wokazinga uli m'mbale, ndipo ine ndinkawerengera zimenezi ngati phindu linanso la malonda anga. Asanandipatse madzi ankandifunsa ngati wapolisi. Masamba angati? Latsopano layang'ana kuti? Nsonga zake zauma? Kenako tinkakhala pakhonde la nyumba yopanda anthu ija, iwo n'kumasimba za kwawo. Anati kumeneko kuli nkhalango za m'mbali mwa timitsinje zimene amazitcha mushitu, momwe dzuwa silifika pansi, mitengo imavala ndevu zobiriwira, ndipo munthu ukalowamo masana umayankhula monong'ona osadziwa chifukwa chake. Anali atachokako ali mnyamata. Mkazi wawo anamwalira, ana anali ku migodi ndipo sankalemba makalata. Izi ankangozitchula podutsa, ine n'kumatafuna chinangwa, maganizo ali pa nsapato.

Pofika Seputembala masamba anali asanu ndi anayi. Ndiye inafika sabata yathu yolandira mphakati, gulu la Akatolika a m'dera lathu amene ankasinthana nyumba zopemphereramo. Kwa mayi wa ku Chilenje tsiku limeneli linali mayeso. Chilichonse chinkayenera kunyezimira: simenti, mapoto, magalasi a kabati, ngakhale nkhope za ana. Amayi anapukuta nyumba yonse, kenako anaima pakona paja n'kuona kuti chinthu chimodzi chokha ndicho sichikuwala. Anachita zimene amayi onse a mumzere mwathu ankachitira maluwa awo a m'zitini alendo akamabwera. Anatenga botolo la saladi, mmene munali motsalira pang'ono pansi, mafuta amene ndinawaimira pa mzere maola anayi, nanyowetsa kansalu, n'kudzoza tsamba lililonse kutsogolo ndi m'mphepete, mosamala ngati akudzoza khanda.

Nditalowa, Kamamatila kankawala ngati nsapato za msilikali. Ndinasangalala, ndisaname. Alendo anakazungulira asanayambe n'komwe pemphero. Pakati pawo panali Mayi Zulu a ku Woodlands, akazi a bwana wa bambo, amene anabwera ndi mlamu wawo. Anawerama nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, n'kunena kuti chomera chotere anangochionapo m'buku. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikukweza mtengo mumtima.

Patapita masiku anayi fumbi lonse la Chilenje linali litamatirira pa mafuta aja. Ubweya wofewa wa masamba unagona, siliva anazimirira. Tsamba la pansi linachita chikasu, kenako linzake. Lachisanu ndinapeza awiri ali pa simenti. Amayi anawatola okha, nawaika m'dzanja langa, ndipo tsiku limenelo ndiwo zinali zongowiritsa, poti saladi anali atathera pa masamba.

M'mawa mwake ndinasenza chitini pamutu, thabwa ndi zonse, nditafunditsa chitenje chonyowa cha amayi. Majakaranda anali atayamba kugwetsa maluwa, msewu wonse wa ku Kabulonga uli wofiirira ngati nsalu ya pa guwa nthawi ya Lenti, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono ngati wonyamula maliro. Ba Mwelwa anavundukula chitenje, nagwira tsamba, n'kununkhiza chala chawo.

"Saladi?" Anandiyang'ana. "Mu Zambia muno muli nyumba yamene ili na saladi yozola maluba? Mwaiche, ndimwe olemela!"

Anaseka mpaka kutsokomola, ine misozi ili m'maso. Kenako anafunditsa madzi, nasungunuliramo kachidutswa ka sopo, natenga nthenga ya nkhuku. Anatsuka tsamba limodzi limodzi, akutsukuluza ndi madzi a mvula, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo. Anati masamba amenewa amapuma ngati khungu la munthu, ndipo mafuta anawatseka mphuno. Amene anali atafa kale anawachotsa. Anatsala atatu, monga tsiku loyamba. Ndinayesa malonda: ndinati andipatse kanthambi kena, poti khoma lonse la bafa linali lodzaza, ndidzawaimira pa mzere wa shuga kawiri. Kanali koyamba kuwaona nkhope itauma.

"Kako ni aka," anatero. "Odwala sitisintha. Timasunga."

Okutobala anafika ndi moto wake. Malata ankalira masana, nyenje zikuimba mpaka m'makutu kuwawa, phula likumata ku mapazi. Ndinkauzira katatu pa tsiku. Ndikakhala ku sukulu ndinkada nkhawa, mpaka tsiku lina ndinabwerera msanga n'kupeza amayi atagwada pakona, khanda kumsana, masaya atatupa ndi madzi, akupemerera. Atandiona anameza madziwo n'kunena kuti amafuna ndalama imene inagwera kuseri kwa kabati. Kwa masabata atatu Kamamatila kanangokhala duu, osafa, osakula. Kenako m'mawa wina, pamwamba pa tsamba lachitatu, panaoneka kansonga ka singano.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, Lachitatu masana. Fungo la fumbi lonyowa linalowa m'kalasi, ana onse n'kuyamba kusuzumira pawindo. Masamba anali asanu ndi limodzi, ndipo lamulo lija linali litatha. Loweruka ndinathamanga ku Kabulonga kukafunsa pamene ndiyenera kudula.

Chipata chinali chopakidwa penti watsopano. Pabwalo panali lole ya mipando, ndipo panali mlonda wa yunifomu amene sindinkamudziwa. Anandiuza kuti nyumbayo yapatsidwa kwa bwana wina wa kampani ya boma, amene wabwera ndi antchito ake. Mdala wa m'dimba anakwera basi ya ku Luapula Lachiwiri, ndi kachikwama kamodzi. Ndinafunsa ngati anasiya uthenga. Mlonda anati uthenga wa chiyani. Ndinazungulira mpanda mpaka kuseri, kumene ankataya zinyalala. Pamwamba pa zitini za penti panali mulu wa zingwe zofota, masamba ake atapiringizika, akuda ngati fodya. Opaka penti anali atapala khoma la bafa masiku angapo m'mbuyomo, dzuwa n'kumaliza ntchito. Ndinafukula mulu wonse kufuna mfundo imodzi yamoyo. Ndinabwerera botolo lili lopanda kanthu, ndipo sindikukumbuka msewu umene ndinadzera.

Tsiku lotsatira, titachoka ku Misa, galimoto inaima pakhomo pathu, ana a mumzere wonse n'kuizungulira. Anali Mayi Zulu. Atamwa tiyi, bambo atakhala kumphepete kwa mpando ngati ali ku ofesi, mayiwo ananena chimene anadzera. Amayi anati chomeracho ndi cha mwana. Ndinaitanidwa, ndinagwada, ndipo nthawi imene ndinaikonzekera miyezi isanu inafika.

"Ufuna chani, mwana wanga?"

"Nsapato za mpila. Zili mu Cairo Road."

"Chabwino."

Wamalonda aliyense akudziwa kuti wogula akavomera msanga ndiye kuti watchula pang'ono. Ndinawonjezera masokosi. Anati chabwino. Ndinawonjezera mpira wachikopa, bambo n'kutsokomola. Anatinso chabwino, akumwetulira. Ndinati zonsezo ndi za kanthambi chabe, osati chomera chonse, ndikuyembekeza kuti apa akwiya. Anaganiza pang'ono, nati kanthambi ka masamba atatu kakwana.

Bambo anandipatsa lezala. Ndinapita pakona, ndinagwada, ndi kuyamba kufuna podula. Apa panali tsamba limene linapulumuka saladi, lili ndi chipsera m'mphepete. Pamwamba pake panali limene ba Mwelwa analitsuka kawiri. Kenako lija la amayi, la mu Okutobala. Mfundo iliyonse ndinkaidziwa tsiku lake. Ndipo kuseri kwa thabwa limeneli kunalibenso khoma la bafa, kunalibe kwina kokatenga ndikalakwitsa. Ndinakweza lezala, ndinaitsitsa, ndinaikwezanso. Pabalaza pankangomveka supuni ya Mayi Zulu m'kapu.

"Sikagulisiwa," ndinamva pakamwa panga pakutero.

Bambo anandiyang'ana ndi diso lolonjeza zambiri. Koma amayi anaimirira, natenga thireyi, nati mwaulemu wonse: "Mwana wakana, amayi. Tiwonjezere tiyi?"

Nsapato zija zinakhala pawindo mpaka Khirisimasi, kenako wina anazigula. Mpira ndinapitiriza kumenya wopanda nsapato, ndipo kunena zoona sindinali katswiri woti nsapato zikanamuthandiza.

Kamamatila ndili nako mpaka lero. Kasamuka nane ku Kabwata, ku Kaunda Square, tsopano kadzaza khoma la bafa ku Chelstone, ndipo nyumba iliyonse ndinkayamba ndayang'ana windo la ku bafa ndisanafunse za lendi. Sindinagonepo kunja kwa Lusaka kupitirira masiku atatu. Mkazi wanga amauza anzake kuti iye ndi wachiwiri. Ndagawirako anthu ochepa, amene ndinayamba ndawayesa kwa miyezi, koma sindinagulitsepo ndi tsamba limodzi, ine amene ndingagulitse mthunzi wa mtengo wa eni ake.

Pali china chimene ndinachizindikira mochedwa. Mgolo uja utapita, chilimwe chotsatira madzi a mvula anandithera, ndipo ndinathirira a pampopi ogonetsa mu ndowa, mtima uli m'mwamba. Kamamatila sikanadandaule ngakhale pang'ono. Kamwa madzi a pampopi zaka zonsezi. Munthu amene anakasamalira nthawi yaitali chotero sakanalephera kudziwa zimenezo. Ankadziwanso, kuyambira Juni, kuti nyumba ya boma sikhala yopanda mwini mpaka kalekale, ndi kuti wobwerayo adzayamba ndi penti.

Mwana uja ankaona mdala wofatsa amene anagulitsa chuma pa theka la sopo, n'kuwonjezerapo madzi ndi chinangwa chaulere. Ine wa imvi ndimaona munthu amene analibe womuyendera, ndipo anapeza mlendo wa Loweruka lililonse kwa chilimwe chathunthu. Analibe kosiya chinthu chimene ankachikonda, ndipo anachipezera wantchito wa moyo wonse, wosalipidwa, amene mpaka anadzitama kuti wachenjera. Komabe m'mawa uliwonse ndikadzaza madzi m'kamwa, kuwala kofewa kukulowa pawindo, sindimva ngati munthu woberedwa. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani: pakati pa ine ndi ba Mwelwa, anapambana ndani?